Tisheti yanga yoyamba yatuluka zilembo zotembenuka, ndalakwitsa pati?

Nachisale wa ku Chilomoni
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi manyazi anga, mundithandize. Mng'ono wanga ali ndi chinkhoswe, kwatsala masabata awiri. Ine ndi pakamwa pangapa ndinauza abale kuti matisheti a akuchikazi ndisindikiza ndekha kunyumba, tisataye ndalama. Ndinaonera mavidiyo angapo pa YouTube, zinkaoneka zophweka ngati kupaka majarini pa buledi.

Kalipentala wa pafupi nafe anandikhomera fulemu, ndinakokapo nsalu ya katani yopyapyala ija, ndinadula zilembo ndi leza pa pepala lomata n'kumata kunsi kwa fulemuyo. Penti ndinagula woyera wa m'kachitini ku hardware.

Zomwe zatuluka ndi izi. Pomwe pamayenera kulembedwa AKUCHIKAZI palembedwa IZAKIHCUKA. Penti wadutsa mpaka kumsana kwa tisheti. Pomwe pauma pali gwa ngati chikopa cha ng'oma, ndipo nyumba yonse ikununkha ngati tikumanga kumene. Azakhali agula kale matisheti 24 a buluu wakuda. Mwamwayi yomwe ndaononga ndi ya bambo a kunyumba, sakudziwabe.

Mfana wa Kompyuta
IZAKIHCUKA 😂😂 achemwali pepani koma ndaseka mpaka anthu mu minibasi andiyang'ana. Likumveka ngati dzina la timu ya mpira ya kutali.

Madala a Zikwangwani
Mwanangu, musataye mtima, tonse tinadutsa pomwepo. Ine ndalemba zikwangwani za magolosale ndi ma saluni kuno ku Limbe kuyambira tsitsi lili lakuda bii. Choyamba, penti wa ku hardware uja ndi wa zitseko ndi mawindo. Pa nsalu amauma ngati thabwa, kenako amang'aluka, ndipo akaumira pa sikirini, nsalu yokoka pa fulemu ija, watseka maso ake onse, sikirini yatha basi. Mufunse inki ya nsalu. Chachiwiri, m'kati mwa tisheti mumalowetsa katoni kapena kathabwa kosalala, ndiye inki siingafike kumsana.

Za kutembenukazo, ganizirani chidindo cha kwa amfumu. Mukachiyang'ana kunsi kwake zilembo zimakhala zotembenuka, koma chikadinda papepala zimawerengeka bwino. Inu munamata zilembo kunsi kwa fulemu mukuziwerenga bwinobwino, ndiye mutaigoneka pa tisheti zinatembenuka. Musanathire inki, muzigoneka fulemu patebulo n'kusuzumira m'kati mwake, momwe mumathira inki muja. Zikawerengeka mukuyang'ana m'menemo, zidzawerengekanso pa malaya.

Nachisale wa ku Chilomoni
Zikomo madala. Za chidindozo zandilowa nthawi yomweyo. Nanga nsalu ya katani ija ndiitaye?

Telala wa ku Mchesi
Katani amagwira ntchito poyeserera, makamaka organza ija timasokera madiresi a aperekezi. Vuto lake maso ake safanana ndipo imatamuka msanga. Mukaikoka lero ili nga, mawa yalefuka, ndipo sikirini yolefuka imapaka inki m'mbali mwa zilembo. Pokhoma muziyamba mbali imodzi, kenako mbali yoyang'anizana nayo mukukoka ndithu, ndiye mbali ziwiri zotsalazo. Mukaigogoda ndi chala izilira ngati kang'oma.

Koma mayi, musanapite patali, taonani kaye timapepala ta pakhosi pa matisheti a azakhaliwo. Palembedwa 100% cotton kapena pali polyester? Nkhani yake ndi yaikulu kutsogoloku.

Wa ku Joni
Sisi, ine ndimagwira ntchito pa shopu yosindikiza malaya kuno ku Johannesburg, chaka chachisanu tsopano. Pa matisheti 24 a pamwambo, katani ayi. Pezani mesh yeniyeni, nsalu ya timaso yopangira masikirini, mita imodzi ikukwanirani masikirini angapo. Mukafunse 43T. Nambalayo ikutanthauza kuti pa sentimita imodzi pali timaulusi 43. M'mavidiyo a ku America mumva akunena 110, ndi yomweyo, kungoti iwo amawerenga pa inchi. Ndiyo ya zilembo zikuluzikulu ndi inki yokhuthala ngati yoyera. Za 77T kapena 90T maso ake ndi aang'ono, n'za zojambula za tizilembo ting'onoting'ono, inki yoyera imavuta kudutsamo. Anthu amaitchulabe silk screen chifukwa kalelo ankagwiritsa ntchito nsalu ya silika, koma masiku ano ndi polyester.

Tsopano nkhani yowawa. Mwayamba ndi ntchito yovuta kuposa zonse kwa wophunzira: zoyera pa malaya akuda. Akanakhala matisheti oyera kapena achikasu ndi inki yakuda, bwenzi kukoka kamodzi basi mwamaliza. Inki wamba ya madzi ndi yoonekera, imalowerera mu ulusi, ndiye pa buluu wakuda imangozimirira. Mukagule yoyera yolembedwa opaque, ndiyo imakhala pamwamba pa nsalu n'kuphimba mtundu wake.

Mfana wa Kompyuta
Koma zoona zake akuluakulu, bwanji osangopita m'tauni kukapangitsa DTF, chithunzi chosindikiza pa filimu n'kuchimata pa malaya ndi moto, kapena vinyl yowotcha ija? Mumangotumiza chithunzi pa WhatsApp, mawa lake mwatenga. Zonsezi za mafulemu ndi za makedzana.

Madala a Zikwangwani
Za makedzana zomwezo ndi zomwe zandiphunzitsira ana anayi, iwe mfana.

Wa ku Joni
Aise, DTF ndi yabwino pa chithunzi cha mitundu yambiri kapena matisheti awiri atatu. Koma umalipira tisheti iliyonse payokha. Sikirini ukaikonza kamodzi, ya nambala 24 ija imangodya supuni ya inki. Pa liwu limodzi, mtundu umodzi, matisheti ambiri, palibe chomwe chimaposa sikirini. Komanso sisiwa sanafunse kogula, afunsa kuphunzira.

Nachisale wa ku Chilomoni
Eya, ndikufuna ndidziwe ndekha. Kutchalitchi kwathu kokha magulu ofuna matisheti ndi osawerengeka.

Amayi a ku Mchesi, ndaona timapepala tija. Matisheti 20 ndi a thonje okhaokha, anayi alembedwa 65% polyester 35% cotton. Zikuoneka kuti azakhali anagula malo awiri.

Aphunzitsi a Sitandade 7
Musanapite kogula inki mumve yangayi, kuti safunsa adadya phula akhale ine ndekha. Chaka china ndinadzipereka kusindikiza malaya a masewera a ana a pasukulu pathu. Ndinalowa m'shopu ina n'kungoti "ndipatseni inki ya matisheti", anandipatsa, ndinalipira. Kusindikiza kunayenda bwino kwambiri, inkiyo sinkauma pa sikirini ngakhale nditapita kukadya nsima. Ndinayanika malaya onse pa chingwe. Madzulo ndikukhudza, yaiwisi. Mawa lake dzuwa lonse lija, yaiwisi. Tsiku lachitatu mwana wina anaunjika malayawo pamodzi poopa mvula, zilembo zonse zinadindana.

Pambuyo pake ndinamva kuti inali plastisol. Imeneyo siuma ndi mphepo kapena dzuwa, ngakhale mudikire mwezi. Imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 160 kuti ipse. Osindikiza akuluakulu amaikonda chifukwa ali ndi makina owotchera. Inu wa kunyumba nenani momveka kuti mukufuna ya madzi, yotsuka ndi madzi a pampopi.

Wa ku Joni
Aphunzitsi anena zoona. Koma ya madzi nayo ili ndi khalidwe lake, losemphana ndi limenelo: imauma msanga pa sikirini pomwepo. Kunja kukamatentha ngati mwezi wa October, mukangoyankha foni mphindi zitatu mupeza maso a mesh atsekeka. Ndiye sindikizani m'mawa kapena madzulo, pamthunzi, ndipo zonse zikhale pafupi musanatsegule chitini. Mukakoka tisheti imodzi, nyamulani fulemu pang'ono n'kubweza inki mopepuka kuti iphimbe zilembo zonse pamene mukusintha tisheti. Inki yokhuthala pamwamba ndiyo imateteza kuti m'maso musaume. Mukamaliza, kutsuka nthawi yomweyo, tiyi pambuyo.

Madala a Zikwangwani
Ife kale tinkadula zilembo pa mafilimu akale a X-ray, n'kumadinda ndi siponji. Filimu imeneyo siinyowa, umaitsuka n'kugwiritsanso ntchito chaka chonse. Chovuta ndi zilembo za mimba, monga A, O, B, D, P ndi R. Ukadula mozungulira, kam'kati kamagwa, ndiye umasiya timilatho togwira kam'katiko. Mukaona chikwangwani chomwe O wake ndi wodukaduka pamwamba ndi pansi, dziwani kuti ndi ntchito ya stencil. Liwu lanulo lili ndi ma A awiri okha, si zoopsa.

Mfana wa Kompyuta
Apa ndiye ndithandize nawo, ndisangokhala woseka. Achemwali, leza isiyeni. Lembani liwulo pa kompyuta ndi zilembo zonenepa, mupite nalo kwa odula ma sticker a magalimoto ndi mashopu, muwauze kuti adule pa vinyl atalitembenuza, iwo amati mirror. Muchotse zilembozo n'kusiya zozungulira, ndipo akuikireni tepi yonyamulira ija pamwamba kuti tim'kati ta A tisasunthe pomata. Popeza vinyl imamatirira pa mesh, timilatho ta madala sitifunikanso. Mudulitse atatu, osati imodzi. Inki ya madzi imafewetsa zomatira, ndiye pakati pa ntchito kena kake kakhoza kumatuka.

Nachisale wa ku Chilomoni
Ndabweranso, lero Lachinayi. Mesh ya 43T ndaipeza, inki yoyera ya opaque ndaipeza, sikwiji, labala wokokera inki uja, ndagula. Ndinapita ku kaunjika ku Limbe n'kutola matisheti akuda asanu otchipa oyeserera. Zilembo tsopano zikuwerengeka, ndinavina ndekha pakhonde. Koma mavuto awiri. Zoyerazo zikuoneka zotuwa ngati phulusa, ndipo m'mbali mwa zilembo muli ngati mthunzi. Chachiwiri, imodzi ndinaichapa mawa lake ndi sopo waufa, theka la inki latsalira m'beseni. Kodi andigulitsa inki yachinyengo?

Telala wa ku Mchesi
Munaisita musanachape?

Nachisale wa ku Chilomoni
Kusita? Ayi, inali itauma bwinobwino.

Telala wa ku Mchesi
Ndiye inki ilibe mlandu mayi. Kuuma ndi kupsa n'zosiyana. Ikauma ndiye kuti madzi okha achoka, koma kuti igwirane ndi ulusi imafuna moto. Isiyeni iume usiku wonse. Mawa lake yalani kansalu kopyapyala ka thonje kapena pepala lophikira makeke pamwamba pa zilembo, simbi muiike pa madontho atatu, pa cotton paja, nthunzi muzimitse. Sitani mphindi zitatu mpaka zisanu pa tisheti iliyonse, mukuyendetsa simbi pang'onopang'ono kuti pena pasapserere. Muike wotchi, chifukwa mphindi zinayi uli chiimire ndi simbi zimatalika ngati ulaliki wa pamaliro, ndipo munthu umadzinamiza kuti zakwana. Werenganinso pa chitini, opanga inki amalemba nthawi yake.

Magetsi akazima, simbi ya makala imagwira ntchito yomweyo, ine ndimadalira imeneyo. Mungosamala phulusa ndi tizimoto tothetheka, ndipo muyese kaye pa kansanza.

Anayi a polyester aja muwasite mosamala, moto wocheperako koma nthawi yotalikirapo. Polyester ikatentha kwambiri utoto wake umasuluka n'kukwera mu inki yoyera. Pa malaya ofiira zilembo zimasanduka pinki, pa anuwo zidzaoneka zabuluu. Nthawi zina sizioneka tsiku lomwelo, mumadzazipeza patapita masiku.

Wa ku Joni
Za mthunzi m'mbali, ndikuganiza zinthu zitatu, ndipo mwina zonse zilipo. Fulemu yanu yagona pa tisheti penipeni. Imayenera kuyandama pang'ono, mamilimita awiri kapena atatu, kuti mesh izikhudza nsalu pokhapo pomwe sikwiji ikudutsa n'kudzuka yokha kumbuyo kwake. Matani tindalama tachitsulo ndi selotepi kunsi kwa ngodya za fulemu, zatheka. Kenako kagwiridwe ka sikwiji. Musaigoneke ngati mukupaka matope pakhoma, iimirire mopendekera pang'ono kwa inu, manja onse awiri, kukoka kamodzi mwamphamvu kuchokera kumtunda mpaka kumunsi osaima panjira. Ambiri oyamba amapita uku ndi uku kasanu, ndiye inki imakankhidwira kunsi kwa stencil. Chachitatu, tisheti ikusuntha. Pakani zomatira pang'ono pa thabwa lolowetsa m'kati lija, zilipo zopopera, kuti nsalu igwire.

Za kutuwa, ngakhale ife kuno zoyera pa zakuda timadinda kawiri. Kokani koyamba, nyamulani fulemu, umitsani ndi draya ya tsitsi mpaka mukakhudza isamatirire chala, tsitsani fulemu, kokaninso. Koma fulemu iyenera kubwerera pamalo omwewo ndendende, apo ayi zilembo zituluka ziwiriziwiri ngati waledzera akuwerenga. Muuzeni kalipentala wanu uja akhomere fulemu pa thabwa lalikulu ndi mahinji awiri a chitseko, izitseguka ngati chivundikiro cha bokosi.

Madala a Zikwangwani
Ndi poika zilembo pomwe. Pindani tisheti pakati, sitani mzere, ndiye muli ndi pakati pake. Zilembo ziyambe zala zinayi kuchokera pa kolala. Mukatsitsa kwambiri zimakakhala pamimba, ndipo azimayi akamanga chitenje theka la liwu labisika.

Kochi wa Anyamata
Pepani ndilowerere pa ulusi wa achemwaliwa. Ine ndili ndi timu ya ana a m'dera lathu ku Kawale, ndipo chizindikiro chathu chili ndi mpira, nyenyezi ndi tizilembo ting'onoting'ono mozungulira. Odula vinyl anandiuza kuti tizidutswa take n'tochepetsetsa. Ndinagula emulsion, mankhwala opaka pa sikirini olimba ndi kuwala aja, ndayesa kawiri. Koyamba nditathira madzi zonse zinasungunuka n'kutsika ngati phala. Kachiwiri palibe chomwe chinatseguka, sikirini yonse gwa. Ndatsala pang'ono kutaya botolo.

Wa ku Joni
Kochi musataye, mwapeza kale malire onse awiri, chatsala ndi pakati. Emulsion imalimba pomwe kuwala kwa dzuwa kwafika, ndipo pomwe pabisika ndi zakuda za chithunzi chanu pamakhala pofewa, madzi amachotsa. Koyambako munachotsa padzuwa msanga, kapena inali isanaumitsitse. Kachiwiri munachedwetsa, kapena zakuda za pa filimu yanu n'zosada mokwanira moti kuwala kunadutsa.

Chitani chonchi. Tsukani mesh ndi sopo wa mbale kuchotsa mafuta a m'manja, iume. Pakani emulsion mopyapyala mbali zonse ziwiri m'chipinda cha mdima, babu lachikasu silivuta. Igonekeni pa timitengo, mbali yokhudza malaya ili pansi, m'kabati kapena m'katoni yotseka, mpaka iume gwa. Nyengo ya mvula imachedwa, fani amathandiza. Chithunzi musindikize pa transparency ziwiri (mafilimu oonekera aja) n'kuzisanjikiza ndendende, mukayang'anira kudzuwa zakudazo zisaonetse kuwala. Ikani filimu kunsi kwa sikirini motembenuza, monga ananenera madala za chidindo, galasi loyera pamwamba kuti ipanikizike, nsalu yakuda kumbali inayo.

Tsopano chinsinsi chake. Sikirini yoyamba muipereke nsembe. Phimbani ndi katoni, tulukani nayo padzuwa la masana, tsegulani kachigawo kamodzi, pakatha masekondi 15 kokani katoni kutsegula kachigawo kena, choncho mpaka zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Thamangirani nayo m'nyumba, nyowetsani mbali zonse, dikirani mphindi imodzi, ndiye thirani madzi. Chigawo chomwe chithunzi chatseguka bwino koma zozungulira sizikuterera ngati therere, nthawi yanu ndi imeneyo. Musakope nthawi ya munthu wa mu vidiyo amene akugwiritsa ntchito babu m'galaja ku London. Dzuwa la kwathu ndi laukali, nthawi zambiri nkhani yake imathera m'masekondi, osati mphindi khumi.

Ngati emulsion yanu ndi ija yosakaniza ndi kabotolo kakang'ono ka diazo, mukasakaniza moyo wake wayamba kuwerengeka. Pamalo otentha imatha mphamvu m'masabata ochepa, mu firiji imakhala miyezi, koma isaundane.

Kochi wa Anyamata
Ine ndinaisiya padzuwa mphindi 20 kachiwiriko 🙈 Nanga youma gwa ija ndingaipulumutse?

Wa ku Joni
Mphindi 20 ndiye munaphika nsima ndi ndiwo zomwe. Pali mankhwala ochotsera emulsion, ogulitsa emulsion amakhala nawo. Pakani mbali zonse, tsukani ndi burashi, thirani madzi amphamvu asanaume. Mankhwalawo akangoumira pa sikirini emulsion imalimbiratu, sichokanso. Ena amagwiritsa ntchito jiki, pa emulsion zina amathandiza, koma valani magolovesi ndipo chitirani panja.

Madala a Zikwangwani
Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Kochi. Koma ine za mdima ndi masekondizi zinandikanika, ndinabwerera ku leza yanga.

Nachisale wa ku Chilomoni
Abale anga, chinkhoswe chinali dzulo. Ndinayamba ndi ya kaunjika ina, kudinda kawiri, kusita mphindi zinayi ndi wotchi ya pafoni, n'kuichapa katatu mwankhanza. Zilembo zili mbee. Ndipamene ndinalimba mtima kugwira za azakhali.

Tinasindikiza Lachitatu kuyambira 5 koloko m'mawa, ine pa sikwiji, mwana wanga wamkazi pa draya, bambo a kunyumba akuyanika pa mipando yonse ya pabalaza. Za tisheti yawo ija anaitulukira okha m'kabati, anangoti "IZAKIHCUKA ndiye ndani?" Pa tisheti ya nambala 17 kam'kati ka A woyamba kanamatuka osaona ine, ndiye A ameneyo anatuluka wotseka ngati kanyumba kopanda khomo. Ndinatsuka sikirini, kuumitsa, kumata vinyl yachiwiri, ntchito n'kupitirira. Mfana wa Kompyuta, Fanta wako ali kwa ine. Mwa anayi a polyester aja, imodzi zilembo zake zayamba kuoneka zabuluu pang'ono, ndikuganiza kuti ndinaisita ndi simbi itangochoka pa za thonje. Kusita konse kunanditengera maola awiri, mkono mpaka lero ukuwawa.

Ya A wotseka ndinavala ndine, n'kuponyera kansalu paphewa mbali imeneyo.

Telala wa ku Mchesi
Mwagwira ntchito mayi. Muwauze onse azichapa ataitembenuza kunja kukhala m'kati, ndipo asamasite pa zilembo penipeni.

Nachisale wa ku Chilomoni
Ndiwauza. Tsopano imvani izi: apongozi a mng'ono wanga andiimbira m'mawa uno, akuti a kuchimuna akufuna awo 30 a pa ukwati, mitundu iwiri, yoyera ndi yagolide. Mitundu iwiri imatheka bwanji ndi fulemu imodzi?

Wa ku Joni
Mtundu uliwonse sikirini yakeyake, sisi, ndipo kuti zigwirizane ndi phunziro lina lalitali. Koma choyamba imbani foni pompano muwafunse ngati matishetiwo agula kale.

Nachisale wa ku Chilomoni
Ndaimba. Agula. Ofiira, a polyester, a jezi ya mpira aja.

Telala wa ku Mchesi
Mayo ine.